Mzere Umene Mvuu Inadya

Inu amene mukukodolana kumapeto kwa mkekako, ndakuonani. Sekani, mano ndi anu. Koma musanayambe kuvinira Asiyatu, mwana wa mlongo wangayu, kuti wabwera ndi digiri ya masamu, mudziwe kuti digiriyo inadutsa m'mimba mwa mvuu, ndipo amene anakaitenga kumeneko ndine Swaleyi, ndi miyendo yanga yomweyi. Walahi, ndikanama, mpunga uli m'mbalewu unditsamwe.

Kafukufuku wa mwanayu ku yunivesite anali wa masamu odzaza mipata. Anandifotokozera yekha tili pakhonde. Akuti, "Amjomba, tibzale mitundu yambiri ya mpunga, mtundu uliwonse mzere wake, mzerewo udutse m'dothi lakuda, m'makande, mpaka kumchenga. Sitifunika kukolola ndime zonse kuti tidziwe zonse. Mpunga uli ndi makhalidwe ochepa, wina umakonda madzi, wina umapirira mchenga. Ndikangodziwa ndime zingapo pamzere uliwonse, zotsalazo masamu anena okha." Ine ndinamva asanamalize n'komwe, mutu wangawu ndi wachangu. Aphunzitsi ake anamupatsa dzinja limodzi lokha kuti aonetse kuti zimenezi zimatheka pamunda weniweni, osati pakompyuta pokha. Zikakanika, sukulu yathera pomwepo, abwerere kuno chimanjamanja. Ndinamupatsa dambo langa la ku Malengachanzi, tinawokera limodzi.

Mpunga unacha bwino, ngala zili wera. Ndiye m'mawa wina tikufika kumunda, tinapeza mvuu yadutsamo, yadya apa, yasiya apo, yadya uko. Ine mtima unangoti phwii, koma mwanayu anaseka, akuti mvuuyo yangomuthandiza kupanga mipata. Kuseka kunatha titafika pamzere wa kumalire, wa mpunga watsopano wonunkhira, umene aphunzitsi ake ankaufunitsitsa. Chilombocho chinali chitayamba ndime yoyamba mpaka yomaliza, psiti, osasiya ndi phesi lomwe.

Asiyatu anakhala pansi m'matope momwemo, buku lili pamiyendo. "Amjomba, masamu anga amafuna pogwira. Mzere wonse ukapita, palibe chimene ndingawerengere." Analira. Ine ndimapirira zambiri, njala, dzino, akazi anga akakwiya, koma misozi ya mwana wa mlongo wanga sindiipirira. Ndinapsa mtima mpaka chipewa chinayamba kufuka utsi.

Ndinatenga sikelo, lichero, thumba ndi kabotolo kanga ka fodya wa m'mphuno, n'kutsata mapazi a chilombocho mpaka kumtsinje wa Kaombe, dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinaipeza ili gone pamchenga, mvuu yaikulu moti mbalame zimene zinatera kumchira sizinkamva kulira kwa zimene zinatera kumutu, mimba ili tuu ndi mpunga wa mwana wathu. Mukumva? Ndinaipatsa moni mwaulemu, inangogwedeza khutu. Ndinaiuza kuti ibweze za eni, inangoyasamula monyoza. Kuyasamula kumeneko ndiye kulakwa kwake, chifukwa ine ndinavula nsapato monga timachitira polowa m'nyumba ya eni, ndinati bisimilahi, n'kulowa.

Musafunse za mdima, m'kati mwa mvuu mumawala pang'ono kuchokera kumphuno. Ndinatsika pakhosi motsetsereka, ndinadutsa njinga ya munthu wina ikuzungulirabe mateyala, ndinadutsa khasu langa limene ndinkanamizira ana kuti anataya, mpaka ndinapeza bambo wina wa ku Kanyenda amene tinamulira maliro kalekale, ali phee m'bwato lake akusoka ukonde. Anandifunsa ngati mvula yagwa bwino chaka chino. Ndinamuuza kuti tituluke limodzi, anakana, akuti muno mulibe misonkhano ya mudzi. Koma anadandaula kuti watopa ndi nsomba zopanda chodyera.

Tsopano apa mvetserani, chifukwa ndi pamene pali nzeru. Mvuu siidya mosokoneza ngati mbuzi. Imayamba kumutu kwa mzere n'kumapita, ndiye m'mimbamo mpunga unali utasanjika bwinobwino, ndime ya dothi lakuda pansi, ya makande pamwamba pake, ya mchenga pamwamba penipeni, iliyonse ndi matope ake. Ndinakwinya malaya, ndinapuntha ndime imodziimodzi ndi nkhafi ya bambo wa ku Kanyenda uja, ndinapeta ndi mpweya wa mvuu yomweyo, ikapuma mankhusu fuu kupita kumchira, ndinayeza pasikelo, n'kumanga mpunga wa ndime iliyonse pamfundo yakeyake m'thumba, pamene chilombocho, pomva kuti m'mimba mwatsegulidwa chigayo, chinadumphira m'nyanja n'kusambira mpaka tsidya la ku Mozambiki, n'kubwerera, n'kupitanso, mafunde ake n'kukankhira mabwato a ku Benga pamwamba pa mitengo ya mango. Funsani a ku Benga, amanena kuti unali mwera chifukwa cha manyazi.

Nditamaliza ndinakwera mpaka kumphuno, n'kukhuthula fodya yense wa m'botolo. Abale anga, kuyetsemula kwake! Ndinauluka thumba lili paphewa, sikelo ili kukhwapa, ndinaona minda yonse ya nzimbe ya ku Dwangwa ili pansi ngati kamkeka, odula nzimbe akundibayibitsa ndi zikwanje, mphepo n'kundikhotetsa, ndipo ndinatera choimirira pamzere womwe uja, pafupi ndi Asiyatu, misozi yake isanaume. Nsapato zokha ndi zimene ndinazisiya ku Kaombe.

Ndinamupatsa thumba lonse, koma mwanayu ndi wamakani ngati amjomba ake. Akuti, "Ndipatseni ndime zochepa chabe, zinazo bisani. Tione ngati masamu anga anama." Anatenga ya dothi lakuda ndi ya mchenga, anagogoda pakompyuta yake, n'kuyamba kutchula kulemera kwa ndime zimene sanazione. Ine ndikumasula mfundo, ndikuika pasikelo, ndendende! Ina, ndendende! Ina, ndendende! Ndinavina m'matope, munthu wamkulu ndi ndevu zangazi. Koma pa ndime imodzi ya makande sikelo inaperewera pang'ono. Mwanayu anawerenganso, anatuluka thukuta, anandiyang'ana m'maso. "Amjomba, apa pakusowa mpunga wodzaza manja awiri."

Mukumva? Manja awiri enieniwo ndi amene ndinamutapira bambo wa ku Kanyenda uja kuti aphike. Masamu a mwana wathu anaona mpaka m'mphika wa munthu wokhala m'mimba mwa mvuu! Aphunzitsi ake atamva zimenezi anaimirira onse, wina magalasi anagwa, ndipo digiri ija ndi iyo mukuiona yapachikidwa pakhomapo.

Ndikudziwa zimene amanena anthu ansanje. Amati Swaleyi sanalowe mumvuu ayi, anangokwawa m'matope tsiku lonse n'kumatola ngala zimene chilombocho chinapondereza ndi mapazi. Amatero chifukwa anandiona ndili matope thupi lonse, wopanda nsapato. Nanga munthu wotuluka m'mphuno mwa mvuu amatuluka atavala suti? Asiyatu ali apoyo, mufunseni. Mwaona, akungoseka, sakukana.

Ndipo ngati mukufuna umboni wogwira ndi manja, mwaugwira kale. Mpunga wa m'thumba lija sindinaudye, ndinausunga mbewu, chaka chotsatira ndinaufesa panazale, ndinawokera dambo lonse, ndipo ndi womwewu mwakhala mukuuyamikira kununkhira chifikireni, ena mpaka kuwonjezera kawiri. Iwe wakumapeto kwa mkeka, bwanji wasiya kutafuna? Meza, mwana wanga. Mvuu inayamba yalawa, ndipo siinadandaule.