Mpango Wofiira wa a Milka

Ku Kamnik kuno ukatchula malemu a Ciril Koritnik, anthu amayamba aseka kenako n'kupukusa mutu. Bambo aja ankafunditsa jekete chikwangwani cha pasiteji ya basi. Jekete lawo lenileni! Chisanu chikafika poluma makutu, iwo ankaima ndi malaya okha mano akuguguda, chikwangwani chili phee m'jekete laubweya.

Akazi awo a Milka ankafuna kulowa pansi ndi manyazi, koma a Ciril ankati anthu alibe chifundo. Asanapume pantchito ankalumikiza zikwangwani za pepala lamagetsi, zija zimaoneka ngati zolembedwa ndi inki. Ankafotokozera aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, kuti mkatimo muli timatumba todzaza timadzi, momwe mumasambira tinjere toyera ndi takuda. Magetsi akatiitana, tina timakwera pamwamba, tina n'kutsika. Ukadula magetsiwo tinjere tili panjira, pamatuluka mtundu wotuwa. Tsono kukazizira timadzito timalimba, tinjere n'kugwidwa ulesi.

Kutuwako ankakukonda mochita kunyanya. Akalowa m'bala ankayendera mitu ya anzawo ngati dokotala. A Lojze, mnzawo wa kuntchito wa imvi zosakanikirana ndi tsitsi lakuda, ankawauza kuti magetsi awo anathima msanga, n'chifukwa chake takuda tikadalipo. Wophika buledi, wa mutu woyera mbee, ankati anaiwala kuzimitsa. Ansembe anali adazi, ndiye a Ciril ankangowagwira paphewa n'kupepesa kuti chawocho n'chosakonzeka.

A Milka anapirira zonsezi, koma panali chimodzi chomwe ankachifunitsitsa. Zaka makumi asanu za ukwati zinkayandikira, ndipo ankafuna chithunzi chawo atavala mpango wofiira umene a Ciril anawagulira pa phwando la ozimitsa moto akuwafunsira. Ankafuna chikapachikidwe m'holo pa phwando lokumbukira ukwatiwo kuti mkulu wawo a Stefka, omwe moyo wonse ankati Milka anakwatiwa ndi chidole, atseke pakamwa kamodzi kokha. A Ciril anakana zopita kwa wojambula. Mkazi wa Koritnik sasindikizidwa papepala lakufa, anatero, adzachipanga okha pa pepala lamagetsi.

Choyamba chinatuluka chokongola ndithu, makwinya onse ali m'malo mwake, koma mpango uli phulusa lokhalokha. Pachiwiri anayala pamwamba kasefa ka timawindo tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, kuti kuwala kobwerera pa tinjere toyera kuzitenga mtundu. A Milka anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, kodi apa ndadwala miyezi ingati?"

"Kasefaka kamadyako kuwala pang'ono, mayi."

"Kadya mpango wanga, kadya ndi magazi anga omwe. Mwati ndikachionetse Stefka chimenechi?"

A Ciril sanagwe mphwayi. Anapeza chikwangwani china chomwe mkati mwake muli tinjere tofiira ndi tachikasu tenitenti, koma taulesi kuposa mphaka wokhuta. Chisanakhazikike chinkaphethira kambirimbiri, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba munthu sankaloledwa kutsegula chitseko ngakhale kutsokomola. Malo ofunda a pambali pa uvuni, pomwe a Milka ankafufumitsira buledi, chinawalanda, moti mwezi wathunthu banja linadya buledi woti ungakhomere msomali. Poopa kuononga nkhope ya akazi awo, a Ciril ankayeserera ndi yawo, ati iyo singaonongeke kuposa mmene ilili.

Tsiku laphwando laukwatilo silinawapeze a Ciril. Masamba atayamba kuyoyoka, anagona pampando atadya masana ndipo sanadzukenso. A Milka analira mpaka mawu kutha, zachithunzi n'kuziiwaliratu.

Anthu atachoka kumanda n'kukhala pachakudya, a Lojze analowa atanyamula chinthu chokuta ndi thaulo. Anachipeza patebulo la malemu ndipo iwonso anali asanachione. Atavundukula, mpango uja unali psuu, wofiira ngati tsiku lomwe unagulidwa. Maso a a Milka analinso omwewo. Koma pansi pa mphuno yawo panali masharubu a a Ciril, otuwa, nsonga zitapindikira m'mwamba.

Ansembe anatsamwa ndi supu. Wophika buledi anathawira panja, ndipo phwete lake linamveka kudzera pawindo. A Lojze, thukuta lili kamukamu, anafotokoza kuti tinjere tina timakakamira pomwe tinali, ndiye mthunzi wa chithunzi chakale umatsala. Malemu sanapeze mpata wochitsuka. A Stefka anangoti iwo ananena kalekale.

"Musadandaule mlamu," anatero a Lojze. "Ndikangodina apa chiphethira, chida, chiyera, masharubu onse achoka."

"Ukachikhudza ndikuthyola chala, Lojze," anatero a Milka.

A Milka anakumbatira chikwangwanicho n'kutembenukira kwa mkulu wawo, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Sekani achemwali, inenso ndikuseka. Zaka zonsezi masharubu amenewa akhala akundibaya pamlomo m'mawa uliwonse. Ndi lero ndiwachotse?"

Kamnik akadali yemweyo, mabasi akubwera, mabelu a tchalitchi akulira, koma tauni yachepa nkhani. Anthu akakumana amapatsana moni n'kusowa chowonjezera, ndipo zimawawa ndithu. Ambiri amangopezeka afika kwa a Milka, ati kudzawazonda, koma maso ali pakhoma la kukhitchini pomwe anapachika chithunzicho. A Stefka nawonso amabwera Lamlungu, amakhala moyang'anizana nacho. A Milka akamathira khofi amachiyang'ana cham'mbali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, taonani alendo abwera, inu osameta."