Mlandu wa Mapapo ndi Makina

Usiku wathawu ndinalota zoti ndikakuuzani muziti Nangozo mutu wabalalika, koma khalani pansi amake Limbani, inunso a Nasimango siyani kaye kuchapako. Tonse pano ndife magadiyani, palibe woseka mnzake.

Mukudziwa kuti amuna anga, bambo a Tiyese, chibayo chinawagwetsa, ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya chija ndipo akupumira makina. Dzulo adokotala anandiitana. Akuti bambowa akulimbana ndi makinawo: makina akamakankha mpweya kuti ulowe, iwo akukankha kuti utuluke, ndiye mapapo akutupa, akhoza kung'ambika. Akuti tikufuna tiwapatse mankhwala owagoneka kwambiri ndi kufooketsa thupi kuti asiye kulimbana, komanso ena ophwetsa kutupako. Ine ndinakana. Ndinati nkhani yotere mwini wake ndi malume awo, a Zuze, amene foni yawo imagwira pokhapokha akakwera pachulu. Koma zoona zake ndinkaopa. Munthu wofooka kale ukamugonekanso, adzadzuka?

Ndiye ndangogona pakhonde paja, ndinaona ndikuyenda m'likole la chipatala, patapata zanga zikudandaula. Yakumanzere ikuti, "Mayi, kupita n'kubwera kumeneku mwatimaliza, ife si odwala." Yakumanja inangoti, "Usawavute, sanadye." Ndiye ndafika pakhomo la chipinda chija, mlonda uja wa ndevu anandiyang'ana, anayamba kufufuma, kufufuma, mwadzidzidzi wasanduka nkhukundembo, chipewa chili pamutu.

"Nthawi yoona odwala sinakwane," anatero.

"Ikwana liti, achimwene?"

"Sindikudziwa. Wotchi yapita kumaliro."

Ndinadutsa kunsi kwa phiko lake. Ndiye kulowa m'katimo, si chipatala ayi, ndi pabalaza pa nyumba yathu, kalendala ya mpingo ili pakhoma pomwe paja. Pampando wa bambo a Tiyese pakhala makina opumira aja, atavala tayi, mapaipi atawapinda ngati manja. Pamphasa pakhala mapapo awiri, atafunda chitenje changa cha mvano, otupa ngati masaya a mwana wa matsagwidi. Ndinazindikira kuti ndafika pa mlandu wa banja.

Makina ndi amene anayamba. "Ine pakhomo pano ndinabwera kudzathandiza. Usana ndi usiku ndimakhala ndikulowetsa mpweya. Sindidya, sindipita kumpira, magetsi akazima ndimadalira batire. Koma zikomo wanga ndi kukankhidwa."

Phapo lakumanzere linakwiya. "Kuthandiza kwake kumeneko? Mumatipopa ngati tayala la kabaza! Ife ndi nsalu yakale, achimwene, chibayo chinatichapa kale pamwala."

"Adokotala anandichepetsa mphamvu," anatero makina. "Pano ndimangouzira pang'onopang'ono. Amene akukoka mwamphamvu ndi mwini nyumba."

Phapo lakumanja, lofatsa, linavomereza. "Zimenezo n'zoona. Awiriwa akusinja mumtondo umodzi koma wina sakumvera mnzake. Minsi ikagundana, wosweka ndi mtondo."

Ndiye adokotala aja analowa ndi chikhoti chawo choyera, khosi likutalika, miyendo ikuwonda, mwadzidzidzi ndi kakowa, waima ndi mwendo umodzi pakati pa balaza. Anati mlandu uwu sungathe popanda ankhoswe, aitanidwe. Tinadikira. Tinadikira mpaka chimanga chinamera pazenera, chinakula, tinakolola. Kenako mkulu wa kumalo otengera mankhwala uja anatulukira ali kamba, timabotolo tiwiri tili pamsana pake. Anati, "Pepani, ndinanyamuka dzulo, koma panali mzere."

Timabotolo tija, ankhoswe akewo, tinatsika, tinaomba m'manja mwaulemu. Koyamba kankayasamula. Kakuti, "Ine ntchito yanga ndi kuuza minofu kuti ikhale pansi. Munthu akagonekedwa bwino, ndimalowa, ndimalanda munsi m'manja mwake, makina asinje okha. Koma sindikhalitsa pakhomo pa munthu. Ndikakhalitsa ndimasiya thupi lalefuka, ndiye adokotala amandithamangitsa msanga."

Kachiwiri kanali kolankhula mozizira ngati mlembi wa mpingo. "Ine ndimathira madzi pamoto wa kutupa. Ena ndimawathandiza, ena ayi. Komanso ndili ndi khalidwe lokweza shuga, ndiye muzindiyang'anira."

Ine mtima unandipsa. Ndinati, "Nkhoswe yosalonjeza kuti banja lilimba ndiyamba kuiona lero."

"Wolonjeza mukamupeza kumsika, mayi," kanandiyankha. "Amagulitsanso mankhwala a mwayi."

Ngakhale mapapo anaseka, mpaka anayamba kutsokomola.

Ndiye namwino wamkulu uja, amene amatikalipira tikayanika matewera pamaluwa, anatulukira ali nkhanga, madonthomadontho thupi lonse, akuthamanga uku ndi uku. "Mwini mbumba ali kuti? Mwini mbumba ali kuti?" Mwadzidzidzi simenti inang'ambika, chulu chinamera pakati pa nyumba, tebulo linagwa, pamwamba pake a Zuze ali ndi foni m'manja, akuizunguza kufuna netiweki. Ndisanawalonjere anafupika, mchira unatuluka, anasanduka bilimankhwe. Diso lina likuyang'ana ine, lina likuyang'ana adokotala.

Ndinagwada. "Malume, tivomere mankhwalawa?"

Anabiriwira. "Eya, apongozi, n'zabwino ndithu zimenezo."

Ndisanadzuke anada. "Komatu zikavuta, anthu adzati a Zuze ndi amene anavomera."

"Ndiye tikane?"

Anafiira. "Kukananso, anthu adzati a Zuze anakana. Ndifunse kaye mlongo wanga wa ku Joni."

Anatukula mwendo kuti atsike, mwendowo unangokhala m'mwamba, kupita kutsogolo, kubwerera, osaponda. Ndiye tili chiyang'anire mwendo umenewo, ndinamva kaphokoso kakang'ono, tswii, ngati ulusi ukuduka pa msoko. Phapo lakumanzere linagwira pambali pake. Silinalire, linangondiyang'ana. Anzanga, apo kuseka kunandithera.

Ndinafunsa kuti nanga mwini nyumba ali kuti, mlandu wake ukukambidwa iye kulibe? Makina anandilozera paipi. Ndinalowa m'paipimo chamutu, mphepo inandikankha, ina inandibweza, inandikankhanso, duku linatsala m'mbuyo, mwadzidzidzi ndagwera kwathu, pansi pa mtengo wa kutchalitchi pamene panapachikidwa chigudumu cha lole chimene timaimba ngati belu. Inu simukudziwa, bambo a Tiyese ndi amene amaimba belu limeneli. Kusanache iwo adzuka kale, ndipo mudzi wonse umadzukira iwo. Ndi munthu wosalola kunyamulidwa ngakhale khasu.

Ndinawapeza ataima pamenepo, atavala chovala cha kuchipatala chotsegula kumsana chija, chitsulo choimbira chili m'manja, maso ali psuu. Chifuwa chikukwera n'kutsika ngati achokera kothamangitsa mbuzi.

"Bambo a Tiyese, mukutani pano?"

"Ndikudikira kuche. Ndikagona ine, anthu awadzutsa ndani?"

"Anthu ali ndi atambala."

"Atambala a masiku ano amalira nthawi iliyonse."

"Ndiye mapapo anu ang'ambike chifukwa cha atambala?"

Anandiyang'ana mwa chizolowezi chawo chija, chodzera pansi pa nsidze. "Nanga ine adzandidzutsa ndani? Iwe Nangozo, chikwatirane unayamba wadzukapo ine ndisanadzuke?"

Ndinafuna kutsutsa, koma ngakhale kumaloto bodza lili ndi malire. Ine tulo ndimatikonda, a Nasimango ndinu mboni, mumachita kundiponda. Ndinangoti kamodzi ndinadzuka, tsiku lobadwa Tiyese. Anaseka pang'ono, kusekako kunawapweteka.

Ndiye anatsitsa mawu. "Ndatopa, Nangozo. Koma ndikuopa."

Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pawo, ngakhale chaka chimene nyumba inapsa. Ndinamva chisoni chimene sindingathe kukufotokozerani. Ndinaona kuti tonse awiri takhala tikuopa chinthu chimodzi, iwo m'kati, ine pakhonde, ndipo mantha athuwo ndi amene akung'amba nsalu ija.

Ndinagwira chitsulo chija. Anakakamira. Ndinamasula zala zawo chimodzichimodzi, zinali zotentha.

"Gonani, bambo. Ine ndikhala maso. Ndikudzutsani ndine."

"Nanga malume?"

"Malume akadali kutsika pachulu."

"Ukachedwa?"

"Ndikachedwa mukandinenere kwa ankhoswe."

Anakhala pansi, anaika mutu pamiyendo panga, wolemera ngati wa mwana amene wasewera tsiku lonse. Chapatali ndinamva makina aja akupuma mwakachetechete, popanda wowatsutsa. Kakowa anali ataima m'mbali mwa njira, timabotolo tili kumapazi kwake, akundiyembekeza. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka, ndinayesanso, ndiye ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti ndavomera, ndavomera ine mkazi wake!

Kweee, kweee. Chidebe cha mayi wokolopa uja chikukhwekhwereza pasimenti.

"Mwavomera chiyani, mayi? Ine ndikuti pindani miyendo ndikolope."

Ndinapinda miyendo, ndinapinda chitenje. Adokotala pofika m'mawa uno anandipeza ndaima kale pakhomo pawo, ine wokonda tulo uja, nkhope ndisanasukusule.