Mmene Napolo wa Sinowo Ananditengera ku Chinkhoswe

Amene akuti ku Indiana kulibe phiri aimike dzanja ndimuone. Alamu, mwaimika? Tsitsani, mungachite manyazi pamaso pa ana. Mwapita kamodzi ku Colorado, mwajambulitsa mutamanga matabwa otsetserekera aja kumapazi, basi mwayamba kutiphunzitsa kuti sinowo wa mu Malichi amagumuka. Ine Napolo wa sinowo ndinamukwera pamsana konkuno, ndikanama galimoto yanga isadzalirenso.

Chaka chimenecho Tadala, mwana wa mchemwali wanga, amachita chinkhoswe ku Indianapolis mu Malichi, nkhoswe yake ndili ine, ndipo akuchimuna ananenetsa kuti thadzi lochokera kwathu likhale lachikuda, apo ayi mwambo suchitika. Ndinalipeza kwa mlimi wina kunja kwa South Bend, kumene ndimakhala, mu Januwale, ndinalipha, kulisosola, koma firiji inali itadzaza ndi chambo cha mayi akunyumba. Ndinaliika m'bokosi n'kulikwirira mu sinowo pakona ya poimika magalimoto, firiji yaulere ya Mulungu. Sindinadziwe kuti chigalimoto chokankha sinowo chija chimaunjika pakona yomweyo. Chinaunjika, chinaunjika, mpaka phiri linakula kuposa Mulanje, ndege zimachita kukhota, ukaima pamwamba uku umaona Chicago, uku umaona amayi akuyanika zovala ku Ntcheu. Mukumva?

Mzungu wina wokalamba wa khomo loyandikana ndi lathu anandichenjeza: sinowo wa nyengo ino umamukwera mbandakucha akadali gwaa, dzuwa likangomuwomba madzi amayenda pansi pake, wapamwamba yense n'kutsetsereka ngati bulangete. Ndinamva. Koma Loweruka la chinkhoswe panali kusita suti, panali tiyi, panali kufuna nsapato inzake, moti paphiri ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinazula matabwa awiri a bedi, kuwamanga kumapazi ndi mataye, fosholo paphewa, ulendo.

Sinowo anali phala lenileni, amalekeza m'mawondo, pansi madzi akumveka kuti chobo chobo, koma ndinati Tadala sachita manyazi ine ndili moyo. Ndinakumba, ndinafukula matolole a m'sitolo, ndinafukula njinga, ndinafukula munthu wa positi amene anasowa mu Febuluwale akadali kugogoda pachitseko cha eni, ndipo dzanja litangogwira chogwirira cha bokosi langa, phiri linati fuuu, mng'alu kuseri kwanga, Napolo wanyamuka!

Munthu wamba akanataya bokosi. Ine ndinaliluma ndi mano, manja ndikuwongolera. Tinalowa mumsewu wolowera kummwera, ine pamwamba, pansi panga magalimoto, ng'ombe, nkhokwe za chimanga, wapolisi akuthamanga pambali kundilembera tikiti inki n'kumuumira m'cholembera, m'tauni ya Kokomo maloboti onse anaona okha kuti apa tingofiira pachabe, anasanduka obiriwira. Pa Speedway ndinalephera kukhota, ndinalowa m'bwalo la mpikisano wa magalimoto lija, kuovateka magalimoto onse, wina mpaka anatsika kukaona ngati injini yake yazima, bambo wa mbendera anandikupizira ine. Liwiro limenelo matabwa anayaka moto, bokosi linatentha, thadzi linapsa bwinobwino, mchere linatola wa mumsewu womwe amathira aboma uja. Mukumva, alamu? Musayang'ane foni.

Napolo anathera pakhomo penipeni pa holo ya pa msewu wa Lafayette, atatsala kachithaphwi. M'katimo akuchimuna anali atayamba kutola zikwama, Tadala misozi ili mbwee, woyendetsa mwambo akufunsa kachikena kuti nkhoswe yakuchikazi ili kuti. Ndinalowa suti ili youma, mphepo itaisitanso, ndinagwada, thadzi patsogolo.

Azakhali a mnyamata analuma ntchafu, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, yachikuda imeneyi? Bwanji ikusungunuka m'kamwa?"

Ndinati, "Mayi, inuyo atakugubuduzani kuchokera ku South Bend mpaka pano, mungalimbe?"

Anameza. Nthungululu zinalira, Tadala anakwatiwa, ana ake ndi awo akuyankha m'Chingerezi pakhondepo.

Ndiye pali ena amanena kuti masana amenewo anandiona m'sitolo ya kutsidya kwa msewu, pamene amagulitsa nkhuku zootcha. Eya, ndinalowamo. Pamakhala potentha pamenepo. Munthu wotsika pa Napolo asaumitse masokosi?