Mbava Zogawa Ufa

Pulani inabadwa Lachinayi masana kuseri kwa mashopu a ku Glen Norah, pa benchi ya Mayi Nomatter ogulitsa masese. Bambo wake wa pulaniyo anali Jeremiah, amene tonse timamutcha Injiniya chifukwa anagwirapo ntchito pa fakitale ina ku Southerton. Zoti ntchitoyo inali yosesa, komanso kuti anamuchotsa mwezi usanathe, Injiniya sankazitchula.

"Amuna inu, kuba kwa usiku n'kwa anthu osaphunzira," anatero uku akupukuta thovu kundevu. "Agalu, mipanda, kuthyoka miyendo. Ine ndikufuna tikabe dzuwa likuswa mtengo, eni katundu akutithokoza."

Omvera ake anali awiri. Woyamba anali Alufandika, dzina lodziwika nalo Mphika, munthu amene chilichonse chogwera m'manja mwake chimathera m'mimba. Wachiwiri anali Courage, dalaivala wa kombi, minibasi ya ku Kambuzuma. Makolo anamupatsa dzina la kulimba mtima, koma mtima weniweniwo anaiwala kumupatsa. Ife timamutcha Buleki.

Nkhani inali iyi. Amayi a pa tchalitchi cha pakona, chija timapemphera ife a kumudzi okhala m'dziko la eni lino, anali atayenda khomo ndi khomo mwezi wonse kupempha chakudya cha osowa. Wina anapereka ufa, wina shuga, wina kabotolo ka mafuta ophikira, a mashopu anawonjezera mpunga, nyemba, sopo ndi zitini za nsomba. Zonsezo zinali mulu m'holo ya tchalitchi, kudikira lole yochokera ku nyumba yosungira chakudya cha osowa ku Southerton, imene anthu ankangoitcha fudubanki.

"Loleyo ibwera Loweruka masana," anatero Injiniya. "Ife tifika m'mawa. Tivala maovolosi, tiika mavesiti owala aja pamwamba, tinena kuti atituma a ku fudubanki. Tinyamula, tibayibitsa. Mudhara wina, mdala wa takishopu ku Kambuzuma, wavomera kale kugula."

"Mafuta ophikira alipo ambiri?" anafunsa Mphika.

"Osambira."

"Nanga akatifunsa mapepala?" Uyu anali Buleki.

"Mapepala a chiyani, shamwari? Munthu wovala vesiti yowala safunsidwa kanthu. Ngakhale ndege akhoza kuiimitsa."

"Koma Injiniya, chakudyacho n'cha nkhalamba."

"Nkhalamba zilibe mano, aise. Nyemba zowumazo zikazipweteka. Tikuzithandiza."

Anaseka onse, Buleki mochedwa, n'kuitanitsa chibekete china pa dzina la chuma chimene anali asanachione.

Loweruka m'mawa kombi inaima pa geti la tchalitchi. Mwini wake anali atauzidwa kuti yapita kwa makaniko. Anatsika amuna atatu owala ngati zikwangwani za pamsewu, Injiniya patsogolo, cholembera pakhutu.

Amene anawalandira anali Mayi Effie, mkulu wa amayi. Mayi Effie anakulira pa famu ya fodya, ndipo mawu awo anazolowera kufika kumapeto kwa munda. Akanong'ona, msewu wachiwiri umamva.

"Mulungu ndi wamkulu!" anafuula. "Ife timapemphera kuti galimoto ifike msanga, onani tsopano. Lowani, ana anga, lowani."

Injiniya anatsinzinira anzake. Palibe pepala limene linafunsidwa.

Chimene Injiniya sanachiganizire n'chakuti ufa sudzikweza wokha. Amayi anakhala pamthunzi n'kuyambitsa nyimbo, amuna atatu aja n'kuyamba kusenza. Injiniya anayesa kuima pambali akuloza ndi cholembera.

"Inu abwana," anatero Mayi Effie, "thumba ili lakhala likukuyang'anani kuyambira mwafika."

Pamene kombi inkadzaza, Injiniya anali atayera ufa kumutu ngati mfiti yogwidwa, msana ukulira. Koma ntchito inali yatheka. Buleki analiza injini. Injiniya anatulutsa mkono pawindo kuti abayibitse.

Chitseko chinatseguka. Mayi Effie anakwera kutsogolo, n'kumukankhira Injiniya pakati mpaka bondo lake linakhudza giya. Kumbuyo amayi ena atatu anadziunjika pa matumba, pafupi ndi Mphika, mabuku a nyimbo ali m'manja.

"Ku Southerton tipita pomaliza," anatero Mayi Effie. "Pali agogo ena amene miyendo inawakana, sangakafike ku fudubanki. Tinagwirizana kuti awo tiwapatsiretu. Khota kumanzere, mwana wanga."

Buleki anayang'ana Injiniya. Injiniya anayang'ana denga.

"Mayi, kungoti malamulo a ku ofesi amati…"

"Ofesi ndalankhula nayo dzulo. Khota."

Buleki anakhota.

Khomo loyamba linali la Sekuru Cornélio, mkulu wochokera ku Tete amene anathera mphamvu zake m'minda ya azungu, tsopano makutu analinso atapuma pantchito. Injiniya anatula thumba la ufa pakhonde akutukwana chamumtima. Sekuru anamugwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya.

"Mwana wa ndani iwe?"

"Wa ku ofesi, Sekuru."

"Wa Ofesi! Ndimawadziwa bambo ako, munthu wabwino. Gwada ndikupempherere."

Anagwada. Pempherolo linayambira ku Tete, linadutsa mafamu onse amene Sekuru anagwirako ntchito, ndipo pofika ku Glen Norah mawondo a Injiniya anali atafa dzanzi.

Pa khomo lina kuseka kunatha. M'kachipinda ka kuseri munagona Gogo Lidia, atawonda ngati bango, adzukulu atakhala phee m'mbali mwa khoma. Pa mbaula panali poto wa madzi okhaokha, owira kuti ana aziganiza kuti kukuphikidwa kanthu. Buleki ataika pansi nyemba ndi botolo la mafuta, Gogo anatambasula manja. Anangogwira botololo n'kuliika pachifuwa ngati khanda. Buleki anatuluka akupukuta m'maso ndi vesiti yowala ija.

"Ndi ufa wandilowa," anatero asanafunsidwe.

Ndiye kunabwera khomo limene Mphika analizindikira kombi isanaime. Anayesa kubisa nkhope kuseri kwa thumba la mpunga, koma thupi ngati limenelo thumba limodzi silingalibise.

"Alufandika!" Anali azakhali ake. "Maiwe! Alufandika wayamba ntchito! Anansi, tulukani mudzaone!"

Nthungululu inamveka mpaka kumashopu. Anthu anatuluka m'nyumba, ena atanyamula mafoni.

"Kodi ndinu mwana wa konkuno?" anadabwa Mayi Effie. "Bwanji osanena?"

Ndipo Mphika, amene chibadwire palibe anamuimbirapo nthungululu, anaima pambali pa azakhali ake n'kumwetulira pa chithunzi chilichonse, mano onse panja.

Amayi atalowa kukapemphera m'nyumbamo, Injiniya anakokera gulu lake kuseri kwa kombi.

"Chuma chathu chikugawidwa ife tikuona," ananong'ona. "Pulani yachiwiri. Mangani miyendo ya ovolosi ndi chingwe apa pa akakolo. Chimene chalowa m'kati n'chathu."

Mphika anamanga, n'kuboola thumba la mpunga, n'kukhuthulira m'miyendo yonse iwiri mpaka m'chiuno. Injiniya analonga zitini za nsomba pachifuwa ndi pamimba, mabotolo a mafuta m'khwapa. Buleki anatenga sopo mmodzi n'kumubisa m'sokosi.

Dzuwa litapendeka, kombi inali itazungulira Glen Norah yense, koma theka la katundu linali likadalimo. Mayi Effie analamula kuti abwerere kaye kutchalitchi. A butchala ena anali atalonjeza kubweretsa nyama, ina ya ku fudubanki, ina yoti ogwira ntchito adye. Kombi itaima pa geti, amayi onse anayi anatsika n'kulowa.

Mverani bwino apa, chifukwa apa ndi pamene munthu wanzeru akanapita kwawo. Injini inali ikulira. Msewu unali woyera. Katundu anali m'mbuyo.

"Tiyeni," anatero Buleki. "Kapena titsitse zonse tizipita. Chilichonse, bola tichoke pano."

"Ati nyama," anatero Mphika, mphuno ili m'mwamba.

Injiniya anakanda chibwano. "Munthu amene wakhetsa thukuta tsiku lonse sasiya ng'ombe pakhomo. Tilowa, tinyamula nyamayo, kenako tiwuluka. Zimitsa injini."

Analowa. Mphika ankayenda ngati miyendo yonse ili m'chikhakha. Injiniya ankalira ngwe-ngwe-ngwe pa sitepe iliyonse, n'kumatsokomola kuti phokosolo lisamveke.

Pabwalo la kuseri kwa holo anthu anali atadzaza. Pansi pa mtengo panaima lole yeniyeni ya ku fudubanki, ndipo dalaivala wake, a Takudzwa, anali akukanda m'mutu poona holo yopanda kanthu. Pa benchi yakutsogolo panakhala Sajeni Charmaine wa ku polisi, membala wa tchalitchicho, amene anangodutsa ali mu yunifolomu kudzasiya chopereka chake.

A Takudzwa anatsegula pakamwa kuti afunse, koma mawu a Mayi Effie anawaposa.

"Abale, anyamata awa agwira ntchito ngati ng'ombe za pagoli! Ndalama tilibe, koma nyimbo tili nayo. Alowe pakati tiwavinire!"

Ng'oma inagunda. Amayi anazungulira akuwomba m'manja. Injiniya anaima chilili, manja ali m'khwapa, akugwedeza mutu wokha. Buleki ankayang'ana nsapato za Sajeni. Koma Mphika ndi ng'oma ndi pachibale. Anayamba ndi mapewa. Anthu anakuwa. Anawonjeza chiuno. Amayi anaimba nthungululu. Atamva nthungululu yachiwiri pa tsiku limodzi, mutu unamuzungulira, n'kudumpha, n'kuponda pansi ndi mwendo wakumanja, di!

Chingwe chinaduka.

Mpunga unatsika waaa, kukwirira nsapato. Mphika anayesa kuwupondaponda kuti usaoneke, uku akuvinabe, ndiye chingwe chakumanzere chinatsatira mnzake. Miyendo ija inayamba kuphwa anthu akuona. Nkhuku za abusa, zimene sizidziwa manyazi, zinathamangira pakati pa bwalo n'kuyamba phwando.

"Ndi mwambo wa ku ofesi!" anafuula Injiniya, akuthamanga kuti akamutchinge. "Timawaza mpunga pothokoza!"

Anaponda pa mpungawo. Miyendo inapita kumwamba, msana unafika pansi, zipi ya ovolosi inang'ambika. Zitini zinatuluka ngati ana a sukulu belu likalira, chilichonse njira yake. Botolo limodzi linaphulika m'khwapa, mafuta n'kuyenderera mpaka m'khosi. Chitini china chinagubuduka pang'onopang'ono, kudutsa nkhuku, kudutsa woimba ng'oma, n'kukaima pa nsapato ya Sajeni Charmaine.

Ng'oma inasiya.

Palibe amene anali atamufunsa kanthu Buleki. Koma anagwada pa fumbi, n'kusolola sopo m'sokosi, n'kumukweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Ine ndi sopo yekha, mayi! Mmodzi! Pulani ndi ya Injiniya, wogula ali ku Kambuzuma, kombi si yanga, mavesiti tabwereka!"

"Ku ofesi kwathu anthu awa sitikuwadziwa," anatero a Takudzwa, amene tsopano anapeza mpata.

Injiniya anayesabe ali chigonere. "Timateteza katundu, Sajeni. Masiku ano mbava zachuluka."

"Zachulukadi," anatero Sajeni, akutola chitini chija.

Mayi Effie anayandikira pakati pa bwalo. Anayang'ana mpunga wosakanikirana ndi fumbi, anayang'ana amuna atatuwo.

"Mpunga umenewo wapereka ndi mayi wogulitsa tomato pamsewu," anatero motsitsa. "Sajeni, musawatenge kaye. Katundu watsala mu kombi akwere mu lole, ndipo akweza ndi iwowa. Kenako atole mpungawu, apete, ukhale wa nkhuku za abusa chifukwa munthu sangadye zochokera m'thalauzi la Alufandika. Mpunga wina agula okha."

Anasenzanso. Nyama inapsa, inagawidwa, inatha iwo akupeta. Mphika ankangomeza malovu.

Vuto lomaliza linali la mayendedwe. Sajeni anabwera wapansi, ndipo kombi inafunika kupita ku polisi ngati umboni. Buleki analamulidwa kuliza injini. Inatsokomola, inatsokomolanso, n'kukhala chete. Kuzungulira kwa tsiku lonse kuja kunali kutamwa petulo yense.

"Palibe chovuta," anatero Sajeni Charmaine, akukhala pa chiwongolero. "Muli atatu."

Umu ndi mmene Glen Norah inawaonera madzulo a tsikulo: kombi ikukwawa mumsewu, wapolisi akuwongolera, kumbuyo amuna atatu a mavesiti owala akukankha, wina wonyezimira mafuta, wina akulira, wina mpunga ukugwabe m'miyendo, nkhuku ziwiri zikuwalondola.

Njirayo inadutsa pakhomo pa Sekuru Cornélio. Mkuluyo anali pakhonde, mbale ili pamiyendo, ndipo chifukwa cha makutu aja nkhani inali isanamufike. Atawazindikira anadzuka ndi ndodo, n'kugwedeza chipewa.

"Onani ana awa! M'mawa kudyetsa nkhalamba, madzulo kuthandiza apolisi! Iwe mwana wa Ofesi, ukafika kumeneko usafulumire kubwerera, uwathandize mokwanira!"

"Musadandaule, Sekuru," anayankha Sajeni pawindo. "Akhalitsa."