A Musakhale ndi Ng'ombe Zawo za M'galimoto

Mumsewu mwathu munali munthu amene ankaletsa anthu kukhala m'galimoto zawo zomwe. Galimoto mwagula nokha, makiyi ali m'manja mwanu, koma mukangotsegula chitseko mumamva mawu kumbuyo kwanu, mosakweza komanso mosapsa mtima: "Musakhale." Dzina lawo lenileni linathera pomwepo. Ngakhale akazi awo, amene ine ndinkawatcha alamu, ankabwera masana ndi chakudya n'kufunsa kuti, "A Musakhale alowera kuti?"

Ntchito yawo inali yotsuka ndi kudzoza mipando yachikopa ya m'galimoto. Shedi yawo inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pakati pa ine wometa ndi a Matayala omata machubu. Kunja kwa galimoto sankakukhudza n'komwe. Ankati malata angatsuke aliyense, ngakhale mvula imatsuka. Iwo nkhani yawo inali chikopa, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ng'ombe ikafa, ludzu lake limatsalira m'chikopa.

"Achimwene, tabwerani muone," ankandiitana, ine lumo lili m'manja, munthu ndam'meta mbali imodzi. "Ng'ombe iyi sinamwe chiyambire chaka chatha. Taonani ming'aluyi. Mwini wake alibe chisoni."

Mwini wakeyo ali chilili pomwepo, akumva zonse.

Ankayamba ndi kununkhiza. Ankagwada pakhomo pa galimoto, mphuno pampando, maso atatsinzina, kenako n'kulengeza kuti, "Muno munadyedwa nsomba." Mukakana, ankangoti, "Kafunseni ana anu." Zikatero ankatenga burashi yofewa ndi kathovu pang'ono ka sopo, n'kumazungulira pang'onopang'ono. M'misoko ankalowetsamo mswachi wakale. Popukuta ankafuna nsanza za malaya amkati zokha, ati thaulo limakanda. Chikopa chikauma m'pamene ankatsegula chitini cha mafuta, n'kumadzoza ndi zala, uku akunong'ona kuti, "Imwa, mayi, imwa." Akamaliza ankasiya galimoto pamthunzi, n'kuima patsogolo pa chitseko ngati mlonda. Mukafunsa kuti mudikira mpaka liti, yankho linali limodzi: "Mpaka ikhute."

Odikirawo ankathera pabenchi panga. Ndinameta anthu amene anali atametedwa dzulo lake. Bambo wina wadazi ndinam'meta mpweya wokhawokha, iye n'kuthokoza.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa sitolo ya nsapato ndi kagalimoto kofiira kamene anali atangogula. A Musakhale ananunkhiza mpando, n'kupukusa mutu mosilira.

"Iyi ndiye ng'ombe yoleredwa bwino. Inakulira pamthunzi iyi, sinakandidwepo ndi minga."

Anaigwira m'mawa wonse, akuiyamikira mbali ndi mbali. Atatha, mayi aja anatsokomola pang'ono.

"Bambo, amene anandigulitsa ananena kuti mipandoyi ndi ya pulasitiki. Yangofanana ndi chikopa."

A Musakhale anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kupinda m'mphepete mwake. Kuseri kwake kunali nsalu. A Matayala anaseka mpaka anakhala m'beseni la madzi loyesera machubu. A Musakhale anayang'ana zala zawo.

"N'chifukwa chake simamwa," anatero pomaliza.

Mayi aja anagwira chitseko kuti azipita.

"Musakhale."

"Koma ndi pulasitiki, bambo."

"Yamva kale kuti ndi ng'ombe. Musaikhumudwitse lero lomwe."

Ndipo mayi aja anadikira, tinacheza nawo mpaka masana.

Nthawi ina mafuta anayamba kutha msanga m'chitini. A Musakhale anakayikira ine, anakayikira a Matayala, mpaka m'mawa uliwonse moni wawo unali wotinunkhiza m'manja. Ndiye masana ena alamu anabwera ndi chakudya, anakhala pabenchi panga n'kuvula masilipasi chifukwa cha kutentha. A Musakhale anasiya kutafuna. Mphuno inadzuka.

"Muno mukununkhira galimoto yatsopano."

Anatsata fungolo, kudutsa pa ine, kudutsa pa munthu amene ndinkam'meta, mpaka kukafika pa zidendene za akazi awo. Zinali phuliphuli.

"Mayi, n'chiyani ichi?"

"Ndi mapazi," anayankha alamu, osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Zaka zonsezi mukudzoza ng'ombe zakufa za eni ake. Ine wamoyo, wanuwanu, zidendene zang'ambika mpaka zimakola bulangeti. Ndiye ndinati nanenso ndimweko."

Tonse tinadikira mkangano. A Musakhale anagwada, ananyamula phazi limodzi, analitembenuza uku ndi uku, n'kulidina ndi chala chachikulu.

"Mwapaka molakwika. Simunatsuke kaye."

Kuyambira tsiku limenelo, akatha kudya, alamu ankaika mapazi pakireti, amuna awo n'kuwatsuka ndi burashi yofewa ija, kuwapukuta, kuwadzoza. Alamu akafuna kudzuka, ankamva kuti, "Musaponde." Ankakhala pamenepo ngati mfumukazi, akulamula aliyense wodutsa kuti awatungire madzi akumwa. Galimoto ya munthu wamkulu ikafika nthawi imeneyo, inkadikira mapazi akhute kaye.

Koma nkhani imene mumsewu muno siidzaiwalika ndi ya ukwati wa mwana wawo womaliza. Kasitomala wina anawabwereka galimoto yaikulu ya mipando yakuda kuti inyamule mkwatibwi. A Musakhale anati mwana wawo sangakhale pachikopa chaludzu. Anadzoza dzulo lake, m'mawa anadzozanso, atavala kale suti anabwerezanso. Nthawi itakwana, mkwatibwi anatuluka m'nyumba, deresi loyera loterera, velo mpaka pansi. Anapeza bambo ake ataima pachitseko cha galimoto.

"Musakhale."

"Bambo, abusa akudikira."

"Abusa ali ndi mpando wawo, akhalepo."

"Akuchimuna afika kalekale. Aganiza kuti ndathawa."

"Ngati ndi anthu abwino, amvetsa."

Mwanayo anacheukira mayi ake pakhonde. Foni ya mnzake womuperekeza inkangolira. Apa alamu anatsika pakhonde, anafika pafupi ndi amuna awo n'kulankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Lero pali ukwati umodzi woyamba. Mukapanda kuchoka pamenepo, pakhalanso umodzi wotha."

A Musakhale anasuntha.

Ine ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Pakona yoyamba ndinamva phokoso kumbuyo. Nditacheuka, mkwatibwi anali atachoka kuchitseko cha kumanzere n'kukapanikiza mnzake uja kuchitseko cha kumanja. Pakona yachiwiri anabwerera onse awiri. Dalaivala ataponda buleki pamphambano, mkwatibwi anasowa. Pampando panangotsala velo, mwini wake ali pansi pakati pa mipando, maluwa ali m'mwamba. Ndinaopa kuti akulira, koma ayi, kunali kuseka. Anaseka njira yonse, moti pofika kutchalitchi misozi inali mbwembwembwe, azimayi n'kumanong'onezana kuti mwana uyu amawakonda makolo ake, taonani mmene akulirira.

Kumbuyo kwa deresi kunali chibanga cha mafuta chachikulu ngati mbale. Alamu anayenda pambuyo pa mwana wawo tsiku lonse, chikwama atachigwira pamalo pomwepo, alendo n'kumayesa kuti ndi mmene banja lawo limachitira. A Musakhale anandikodola m'tchalitchi n'kundinong'oneza kuti, "Mwaona? Inali isanakhute."

Koma itafika nthawi yopereka mwana, anagwira dzanja lake osafuna kulisiya. Abusa anatsokomola, mkwati anatambasula dzanja mpaka linatopa. Mwamwayi zala za a Musakhale zinali za mafuta monga mwa masiku onse, ndiye dzanja la mwanayo linangopulumuka lokha. Anabwerera pamalo pawo n'kupukuta m'maso ndi nsanza ya malaya amkati imene anaitulutsa m'thumba la suti.

Zaka zitapita, maondo anayamba kukana. Ankagwada bwinobwino, koma podzuka ankafuna ine mbali iyi, a Matayala mbali inayo. Kenako kunabwera chifuwa chosamva mankhwala. Mwana wawo anawauza kuti apume, iwo anati apuma ng'ombe zikasiya kubwera.

M'mawa wina, akupukuta galimoto ya abwana ena a malole, anangotsamira chitseko n'kutsetsereka mpaka pansi. Nkhope inali itatuwa. Abwana aja anatsegula chitseko chakumbuyo kuti tithamangire nawo kuchipatala, koma a Musakhale anagwira mkono wanga.

"Ovolosi yangayi ili ndi zipi pathumba lakumbuyo. Ikanda. Yalani nyuzipepala."

"Achimwene, ino si nthawi yake."

"Yalani."

Tinayala. M'njira mutu wawo unali pamiyendo panga, akupuma movutika, koma chala chimodzi chinkayenda mumsoko wa mpando, chikufufuza.

"Bwana," anatero ndi mawu otsika, "mumaiimika padzuwa iyi."

"Pepani, bambo. Ndisiya."

"Sindinaimalize. Mubwere nayo Lachiwiri."

Anamwalira Lamlungu, alamu atawagwira dzanja.

Lachiwiri abwana aja anabweradi, ngakhale kuti kumaliro analiko. Anaimika galimoto patsogolo pa shedi, anatsika, n'kungoima. Ine ndi a Matayala tinatuluka. Tinayang'anana, kenako a Matayala anakatsegula shedi n'kuti timalize ife. Pomwepo tinayamba kutsutsana. Ine ndinkati timayamba ndi sopo, iwo ankati timayamba ndi burashi youma. Zaka zonse zija tinali pambali pawo, koma tinkangotolapo zoseketsa, ntchito yeniyeniyo osaiphunzira. Tinapakapaka mmene tinkadziwira. Mpando unatuluka wamawangamawanga, pena powala, pena potuwa. Ndinapepesa, koma abwana aja anausisita n'kunena kuti tiusiye choncho.

Shedi ija anailowa mnyamata wokonza mafoni. Ndi waulemu, amagwira ntchito yake atawerama, salankhula ndi munthu. Alamu anasamukira kwa mwana wawo uja. Galimoto zimabwera kudzamwa mafuta n'kumapita, eni ake osatsika n'komwe.

Chimene sindinkayembekezera ndi cha ine ndi a Matayala. Ndinkayesa kuti ndife mabwenzi apamtima, popeza tinkaseka limodzi tsiku ndi tsiku. Pano ndaona kuti nkhani zathu zonse zinkachokera m'shedi ya pakati ija. M'mawa timapatsana moni, timafunsana za kunyumba, kenako mawu amatha. Iwo amakhala pa tayala lawo, ine pakhomo panga, aliyense akuyang'ana msewu. Nthawi zina mmodzi amayamba kuti, "Mukukumbukira tsiku lija..." Winayo amagwedeza mutu, timaseka pang'ono, kenako kumakhala zii mpaka kasitomala atafika.