Tsiku Limene Ndinatsegula Siteshoni ya Mabasi

Mpaka lero apongozi anga akamva dzina langa amayamba atsokomola kaye. Mlandu wake ndi wa Lolemba lina chimanga chitauma m'minda, ndipo ndaona kuti ndiufotokoze ndekha, chifukwa momwe akuufotokozera azimayi a pamsika zikumveka ngati ndinachita dala.

Chaka chimenecho siteshoni ya mabasi kuno ku Chadiza inatsekedwa kuti athiremo miyala ndi kumanga pobisalira mvula. Chikwangwani sanaike (kukhoma chikwangwani ndi ntchito yaikulu, imafuna misonkhano itatu ndi chakudya chamasana). Maminibasi opita ku Chipata anangosamukira patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, kamtunda ndithu ngati uli wapansi. Munthu ankachoka ku Zingalume thumba la nshawa lili pamutu, n'kufikira pa geti lotseka, wom'funsa palibe kupatula mbuzi.

Ine pokhala mphunzitsi, komanso mlembi wa mpingo wathu, ndinaona kuti mtundu ukuvutika posowa munthu wanzeru. Ndinatsegula gulupu pa foni yodziwitsa anthu za maulendo: basi yanyamuka, basi yafera panjira, mlatho wasefukira. Anthu anayamba kundikhulupirira. Ngakhale a Sakala, dalaivala wa minibasi ya m'mawa, analowamo. Kayendedwe kanga kanasintha, foni ndinkaigwira ngati ndodo ya ufumu.

Lachisanu lina ndikuchokera kusukulu ndinaona bambo wina akupaka penti pakhoma la kanyumba kena mkati mwa siteshoni. Ndinamukuwira ndili panjinga.

"Mutsegula liti, akulu?"

"Lolemba!"

Sindinatsike, sindinafunsenso kuti chotsegulidwacho n'chiyani. Munthu wophunzira safunsa kawiri. Ndisanafike n'kunyumba komwe uthenga unali utapita kale, wa zilembo zikuluzikulu: SITESHONI ITSEGULIDWA LOLEMBA, MABASI ONSE AZIKWERERA KOMWEKO. Lamulungu ndinalengezanso kutchalitchi, pakati pa za kwaya ndi za maliro. Abusa anati aleluya, mpingo n'kuwomba m'manja ngati siteshoniyo ndamanga ndine.

Madzulo ake apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anafika pa ngolo kuchokera ku Zemba. Diso lawo lakumanja linali ndi ng'ala, ndipo tsiku loti akawachite opaleshoni ku Chipata linali Lolemba lomwelo. Analidikira miyezi inayi. Ine ndi iwo sitilankhulana maso ndi maso, mwambo sulola. Mawu onse amadzera kwa make Tisa, mkazi wanga, ngakhale tonse titakhala pakhonde limodzi.

"Bwanji mawa tingopita ku mango konkuja tidazolowera?" anatero make Tisa.

"Iwe, anthu a boma lonseli amafunsa ine. Ndiye ine ndikafunse mtengo?"

Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kusita chitenje cha mayi ake.

M'mawa dzuwa lisanatuluke bwino tinali pa geti la siteshoni. Tinapeza khamu. Azimayi a nshawa, bambo wina wa ku Pembamoyo ndi nkhuku zomanga miyendo, namwino wopita ku maphunziro, ndi ena ambiri amene ankandipatsa moni mwaulemu wosaneneka. "Aphunzitsi, mwatithandiza." Ine ndinkangogwedeza mutu modzichepetsa (kudzichepetsa ndimakutha kwambiri anthu akamaona).

Ziro sikisi, 6 koloko m'mawa, itakwana kunabwera mlonda ndi makiyi. Geti lalikulu analidutsa osaliyang'ana. Anatsegula kachitseko ka pambali, napita molunjika ku kanyumba kopaka penti yatsopano kaja.

"Bwanji geti la mabasi?" ndinafunsa ndi mawu a ofesi.

"La mabasi? Limenelo mwina mvula ikadzagwa. Lero tikutsegula chimbudzi, aphunzitsi."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndi nkhuku zomwe zinandiyang'ana. Kenako ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo motsitsa mawu, koma mokwanira kuti aliyense amve: "Uwafunse aphunzitsi, dotolo wa maso alowera khomo liti m'menemo?"

Apa munthu wamba akanapepesa n'kuimbira a Sakala foni. Ine ndinalemba uthenga wachiwiri: KUSINTHA! NONSE KU MANGO MSANGA. Ndinanyamula chikwama cha apongozi, n'kutsogolera gulu lonse njira yachidule yodutsa m'minda. Tinayenda mondondozana ngati anthu othawa nkhondo, chisoso chikutimata m'miyendo, mayi wachikulire wa diso limodzi akupunthwa pa mizere atagwira dzanja la mwana wake.

Pa mango tinapeza mafuta odontha pansi ndi mayi wogulitsa vitumbuwa. Minibasi kunalibe.

"A Sakala ali kuti?"

"Adikira pano kuyambira mbandakucha, munthu ndi mmodzi yemwe osabwera. Ndiye ati, poti aphunzitsi analemba kuti siteshoni yatsegulidwa, anthu ali konko. Angochoka kumene, adzera kumsewu."

Ndinawaimbira. Foni yawo inkangolira (a Sakala sayankha foni akuyendetsa, ndi dalaivala yekhayo wotsata malamulo m'chigawo chonse, ndipo anasankha tsiku limenelo). Ndinalemba uthenga wachitatu: ALIYENSE AIME POMWE ALI. Uwu ndiye anaumvera ndi anthu okhaokha. Galimoto sinaumve. A Sakala atapeza kusiteshoni kuli mlonda ndi chimbudzi chake, anatukwana, n'kuwuyamba wa ku Chipata kumatola anthu a m'njira. Tinangoona fumbi lawo kuseri kwa mitengo ya bulugama.

Zimene anthu ananena sindingazilembe zonse, ena mwa iwo ndi akuluakulu a mpingo. Bambo wa nkhuku uja sanatukwane. Anandiyandikira, nandifunsa mwaulemu kuti ndimaphunzitsa giredi chani, kuti akam'chotse mwana wake.

Apongozi anakwera galimoto ya masana. Anafika ku Chipata odwala a tsikulo atatha kale, ndipo anawapatsa tsiku lina patatha milungu isanu ndi umodzi. Anagona kwa wachibale, n'kubwerera ndi ng'ala yawo. Kunyumba kwathu sanapatuke. Make Tisa sanandikalipire, zomwe zikanakhala bwino. Sabata yonse ankandipatsa moni wa m'mawa ngati wa alendo.

Tsiku latsopano la opaleshonilo litafika apongozi sanatiuze n'komwe. Anabwera pa ngolo, nafunsa mayi wa vitumbuwa uja, nakwera, nachitidwa opaleshoni. Ine ndinamva zonse zitatha. Pobwerera anapatuka kwathu, diso lili gwa, loyera bwino. Ndinagwada chapatali n'kuwomba m'manja mwaulemu, ndikuyembekeza kuti mwina za kale zaiwalika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Zaka zonsezi ndinkayesa ndi diso," anatero. "Kani ndi momwe alili."

Gulupu ija ikadalipo, ndipo ndine wamkulu wake mpaka pano, poti palibe wina akufuna udindowo. Ndinaphunzirapo kutsika panjinga ndisanafunse funso. Chovuta n'chakuti masiku ano ndikalemba kuti basi inyamuka ziro seveni, anthu amayankha kuti zikomo aphunzitsi, kenako amapita kukafunsa ku vitumbuwa.