Liwu Limodzi Limene a Namalomba Sankamva

Mmalawi aliyense wa mu Nairobi ankadziwa kuti a Reinford Namalomba sankalowa mu ofesi ya boma opanda fulasiki ya tiyi. Ntchito yawo inali yolankhulira bungwe lina lachifundo ku maunduna: kupempha zilolezo, kukumbutsa akuluakulu malonjezo awo, ndi kukhala pa benchi mpaka thalauza kuwala kumbuyo ngati galasi.

Za fulasikizo zinayamba mu 1976, atangofika kuchokera kwawo ku Thyolo. Kalaliki wina anawanong'oneza kuti, "Mzee, toa chai." M'Chiswahili chai ndi tiyi, koma m'maofesi chai ndi chiphuphu. Iwo anamva tiyi. M'mawa mwake anatulukira ndi fulasiki ndi makapu awiri.

"Si chai ameneyu ndimanena," anadandaula kalalikiyo.

"Pepani achimwene, shuga wachepa?"

Munthuyo anamwa, n'kudinda pepala chifukwa cha manyazi basi.

Fraser, mnzawo wa kuntchito, anayesa kuwatsegula m'maso. "Amdala, anthuwa akufuna ya m'thumba."

"Iwe Fraser, ine Chiswahili sindimva."

Chonsecho pa msika wa ku Ngong ankanenerera kabichi m'Chiswahili chomwecho mpaka wogulitsa kuwapempha kuti angotenga azipita. Zaka khumi ndi ziwiri, liwu limodzi lokhalo ndi limene linawakanika.

Mu 1988 anakumana ndi mwala. Mapampu a madzi a bungwelo opita ku Kibera, dera la anthu osauka, anatsekeredwa ku kasitomu ya ku Embakasi miyezi isanu ndi itatu, ndipo akanapanda kusainidwa pofika kumapeto kwa Julaye, akanagulitsidwa pa okushoni. Wosaina anali bwana wina wa ku unduna, wa pansanja yachisanu, wodwala zilonda za m'mimba. Tiyi sankamwa. Chikepe cha m'nyumbamo chinali chitafa, choncho a Namalomba ankakwera masitepe tsiku ndi tsiku, akupuma pa nsanja iliyonse ngati akuwerenga zidziwitso za pakhoma.

"Mwabweranso?" ankatero bwanayo.

"Sindinachoke bwana, ndinangokasintha malaya."

Mayi Flossie, akazi awo, anawadandaulira. "Bambo a Lenah, mtima wanuwo adokotala anati chiyani? Mtumeni Fraser."

"Fraser amayang'ana wotchi. Munthu woyang'ana wotchi sasainitsa kanthu."

Lachisanu lomaliza la mweziwo a Namalomba anakhala pamalo pawo pa benchi, chipewa pa bondo. Anamva kutopa kwachilendo m'dzanja lamanzere, koma anaganiza kuti akadzuka kukamwa madzi, wina awalanda malo. Cha m'ma folo koloko chitseko chinatseguka. Bwana uja anatuluka yekha, pepala m'manja, inki isanaume.

"Mzee, mwanditopetsa. Tengani, musadzabwerenso."

A Namalomba sanayankhe. Bwanayo anaseka, poganiza kuti ayambanso zosamva Chiswahili zija. Kenako anawagwira paphewa, chipewa n'kugwa pansi.

Pepalalo anapita nalo ku Embakasi ndi Fraser, Lolemba, thupi la a Namalomba lisananyamuke kupita ku Thyolo. Sanalire. Akuti anangoima pamzere, kupereka, kulandira, kubwerera.

Tsopano ku unduna amapita ndi Fraser yemweyo. Amabwerako isanakwane nayini, nthawi zambiri chimanjamanja. Ife Amalawi tikatuluka m'tchalitchi Lamulungu timapatsana moni bwinobwino, aliyense n'kuthamangira matatu, maminibasi a kuno, chifukwa palibenso wotiimitsa pakhomo ndi nkhani za pa benchi. Ku Kibera madzi akutuluka. Amayi otunga amati mapampuwo anabweretsa ndi boma.